Kutsuka filimu ya black and white m'bafa, zithunzi n'kutuluka zopanda chimbuuzi

Filimu yoyamba imene ndinatsuka ndekha inali ya chinkhoswe cha mlongo wanga ku Kawale. Unali mwezi wa Novembala mvula isanayambe, dzuwa likuswa mtengo. Ndinatunga madzi pampopi cha m'ma 2 koloko masana, n'kusakaniza mankhwala, n'kuwerenga mphindi ndendende monga zinalembedwera papepala la malangizo. Nditatsegula thanki yotsukira filimu, negetivi (filimu yotsukidwa, pamene zoyera zimaoneka zakuda) inatuluka yakuda bii ngati makala. Anthu ankaoneka ndithu, koma nkhope zawo zinali zokhakhala ngati chipupa chosapaka pulasitala, ndipo maluwa a pa chitenje chimene banja lonse linasoketsa anangosanduka phala. Mawa lake nthawi ngati yomweyo ndinaviika thermometer m'madzi a pampopi womwewo. Inaima pa madigiri 28. Pepala lija linkanena za madigiri 20. Mpaka lero mlongo wanga akafuna kundiseka amangofunsa kuti, "Achimwene, zithunzi zathu zija zikadali ku studio?"

Kamerayo ndi Pentax K1000 ya malemu amalume, amene ankazungulira panjinga ku Biwi ndi ku Mchesi kujambula anthu Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Iwo mafilimu ankapereka kwa otsuka m'tauni. Ine ndinaphunzira kutsukira m'bafa la nyumba ya lendi kuno ku Area 25, ndipo patapita mafilimu ambiri oonongeka ndinafika poti chithunzi chikatuluka mukhoza kuwerenga masipoko a njinga ya kabaza. Njira yake ndi yosavuta kuinena koma imafuna mwambo: filimu ya mtundu umodzi, developer (mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu) mmodzi wosungunulidwa ndi madzi ambiri, madzi ozizira chimodzimodzi nthawi zonse, ndi dzanja lofatsa. Kuno ku Lilongwe zimene zimasokoneza mwambowu ndi kutentha ndi fumbi.

Zimene kamera yalakwa, thanki sikonza

Dzanja likanjenjemera pojambula, palibe mankhwala amene adzachotse chimbuuzicho. Ndi lenzi ya 50mm nthawi imene kamera imalowetsa kuwala isatalike kuposa 1/60 ya sekondi, ndipo ine ndimakonda 1/250 dzuwa likalola. Malenzi ambiri akale amajambula bwino kwambiri bowo lolowetsa kuwala likakhala pa f/5.6 kapena f/8. Mukatsekula kwathunthu m'mbali mumafewa, mukatseka mpaka f/16 kapena f/22 chithunzi chonse chimafewanso pang'ono. Musanagule filimu, chotsani lenzi muwalitse tochi mkati mwake. Mukaona ngati ukonde wa kangaude pagalasi, ndi chuku cha nyengo ya mvula chimenecho, ndipo chithunzi chilichonse chidzatuluka ngati munajambula m'nkhungu.

Dzuwa lathu ndi lokwanira, choncho filimu yothamanga, imene imajambula ndi kuwala kochepa, siyofunika masana. Ine panja ndimagwiritsa ntchito Ilford FP4 Plus, ya ISO 125 (ISO ndi nambala ya kuthamanga kwa filimu), chifukwa timchenga take, timadontho ta siliva timene timapanga chithunzi, ndi tosalala. Dzuwa likawala bwino ndimaika f/8 pa 1/500 ndipo sindiphonya kawirikawiri. M'nyumba, m'tchalitchi, kapena dzuwa likapendeka, ndiye HP5 Plus ya ISO 400. Mafilimu a Kentmere ndi Fomapan ndi otsikirapo mtengo ndipo amagwira ntchito. Chenjerani ndi Ilford XP2 Super. Imatulutsa zithunzi za black and white koma inapangidwira mankhwala a filimu ya kala, amene amatchedwa C-41, osati amene ndikufotokoza pano.

Filimu ndimatuma achibale akamabwera kuchokera ku Joni. Ngati akubwera pandege, ndimawapempha aike m'chikwama cham'manja, chifukwa makina ounikira katundu wolowa pansi pa ndege ndi amphamvu ndipo amaononga filimu. Ikafika imagona m'firiji, m'jumbo yomanga bwino, ndipo ndimaitulutsa kukadali maola awiri kuti isachite thukuta ndikamaika m'kamera.

Chinanso ndi nkhope zathu. Munthu akaima masana patsogolo pa chipupa choyera kapena thambo lowala, mita yoyezera kuwala ya m'kamera imawerenga kuwala kwa kumbuyoko, nkhope n'kumira mumdima. Senderani pafupi muyeze pankhope pomwepo, kapena tsekulani lenzi sitepe imodzi, monga kuchoka pa f/8 kupita pa f/5.6. Sitepe imodzi yokha. Mukachulutsa kuwala negetivi imanenepa, kuwala kumamwazikana mkati mwa filimu, ndipo tsitsi ndi ulusi wa chovala zimagwirana.

Zofunika kukhala nazo

Chinthu chimene simungachipange nokha ndi thanki yotsukira, imene imalola madzi kulowa ndi kutuluka koma kuwala ayi. Yanga ndi ya Paterson, ndipo mkati muli gudumu la pulasitiki lokulungirapo filimu, limene timangoliti reel. Filimu imodzi ya 35mm imafuna madzi okwana 290 ml kuti imire. Ine ndimathira 300 ml kuti masamu asavute. Filimu yaikulu ya 120 imafuna 500 ml. Pa mankhwala, zoitanitsa zikuluzikulu ndi ziwiri, developer ndi fixer, amene amakhazikitsa chithunzi kuti chisafufutike. Zotsala zonse zili konkuno: thermometer, sirinji ya 10 ml ya ku famase, majagi atatu oyezera, beseni, sizasi, opena ya botolo, mapegi a zovala, magolovesi, ndi viniga woyera. Majagiwo alembeni ndi maka, lililonse likhale ndi ntchito yake mpaka kalekale. Dontho la fixer likagwera mu developer filimu imatuluka ndi mabanga. Ndipo asabwererenso kukhitchini.

Mdima umafunika pa ntchito imodzi yokha, kusamutsa filimu kuchoka m'kachitini kake kupita pa reel ndi kutseka thanki. Ena amagula thumba lakuda lolowetsamo manja. Ine ndimadikira usiku, kupachika bulangete pawindo la bafa, kutsekera thaulo pansi pa chitseko. Tsiku limene magetsi azima mtaunishipi monse ndiye labwino kwambiri, anzanga akudandaula ine ndikusekerera. Khalani mumdimamo mphindi zisanu musanatsekule kanthu. Mukayamba kuona dzanja lanu, mdimawo sunakwane. Foni isiyeni kunja, chifukwa uthenga umodzi ukalowa n'kuwalitsa sikirini, filimu yapita.

Pokulunga ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Tsekulani kachitini ndi opena, dulani lilime la filimu kuti kutsogolo kukhale kowongoka, kenako senyani pang'ono makona awiri kuti asakodwe. Lowetsani pakamwa pa reel, muyambe kupotokola mbali ziwirizo mosinthana, filimu imalowa yokha. Reel ya pulasitiki imadana ndi chinyezi. Ikhale youma gwaa, manjanso akhale ouma, zimene mu Okutobala m'bafa lotsekeka si nkhani yamasewera. Ndimasamba m'manja ndi madzi ozizira, kupukuta, n'kugwira ntchito msanga thukuta lisanabwere. Ikakana kulowa musaikakamize, chifukwa pamene yapindika pamatsala chipsera chonga mwezi watsopano. Patulani reel muyambirenso. Ndi bwino kutaya filimu imodzi yakale poyeserera powala, kenako mutatsinzina, kufikira zala zitadziwa njira. Musaiwalenso kampope kapakati kamene reel imalowapo, ndi kamene kamatsekereza kuwala.

Madzi

Nthawi zonse zimene opanga filimu amalemba ndi za madzi a madigiri 20. Madzi akatentha developer amathamanga, negetivi imada mopitirira, timchenga timakula. Ndi zimene zinandichitikira ku Kawale zija.

Mu Juni ndi Julayi zinthu sizivuta. M'mawa madzi amazizira kuposa 20, ndiye mumangothira otentha pang'ono a m'fulasiki. Vuto limayamba mu Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Miyezi imeneyo sinditsuka masana. Ndimatunga madzi madzulo n'kuwagoneka mumtsuko wadothi umene mayi anandipatsa, ndipo ndikadzuka cha m'ma 5 koloko amakhala atatsikira pa 22 kapena 21. Kenako ndimathira madzi m'beseni, kuikamo ayezi, n'kuimika majagi onse atatu mmenemo mpaka thermometer itafika pa 20. Thanki nayo imakhala m'beseni momwemo pakati pa kugwedeza. Tsiku lina firiji itagona ndi magetsi ndinakagula mafirizesi asanu kwa amayi oyandikana nawo nyumba amene ali ndi kula bokosi, ndipo anagwira ntchito ya ayezi bwinobwino. Ana anawamwa pambuyo pake atasungunuka.

Ngati madigiri 20 akanika, chepetsani nthawi. Pa digiri iliyonse imene yakwera chotsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawiyo. Mphindi 13 za pa 20 zimakhala pafupifupi 9 pa 24. Kupyola 24 ine sinditsuka, ndimadikira tsiku lina. Musalolenso nthawi itsike pansi pa mphindi zisanu, chifukwa pamenepo kuthira ndi kukhuthula komwe kumasiya mabanga. Madzi onse amene akhudze filimu, mpaka otsukuluzira, asasiyane ndi madigiri oposa 5. Filimu ikachoka m'madzi ozizira n'kugwera m'ofunda mwadzidzidzi, khungu lake likhoza kuchita makwinya ngati dambo louma, ndipo zimenezo sizikonzeka.

Nthawi ya mvula madzi akabwera ofiirira, asefeni pa nsalu yoyera yopinda kanayi ndi kuwasiya adikhe usiku wonse. Kadothi kamodzi kakamatirira pa negetivi kamadzaoneka ngati nyenyezi pamphumi pa munthu.

Developer ndi chifukwa chake ndimamusungunula kwambiri

Mayina awiri ndi amene mudzakumane nawo. Woyamba ndi Kodak D-76, waufa, amene alipo kuyambira 1927, ndipo Ilford ID-11 ndi mapasa ake. Wachiwiri ndi Rodinal, wamadzi, wa ku Germany, amene anayamba mu 1891 ndipo lero amapangidwa ndi kampani ya Adox.

D-76 ali ndi magalamu 100 a sodium sulfite pa lita iliyonse. Mankhwala amenewa amanyambita m'mphepete mwa timchenga ta siliva timene timapanga chithunzi. Zotsatira zake chithunzi chimasalala, koma malire a zinthu amafewa. Mukasakaniza theka D-76 theka madzi, 150 ml ndi 150 ml, mphamvu yonyambitayo imachepa ndipo malire amabwerera. Mwanjira imeneyi, mu ID-11, FP4 Plus imafuna mphindi 11 ndipo HP5 Plus imafuna 13, pa madigiri 20. Wosungunulayo mumagwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Ufa wa D-76 umasungunulidwa m'madzi a madigiri 50 mpaka 55, paketi yonse nthawi imodzi, osagawa, ndipo muusiye uzizire mpaka mawa. M'botolo lodzaza ndi lotseka bwino amakhala miyezi isanu ndi umodzi, koma botolo likafika theka mpweya umamupha m'miyezi iwiri.

Ine ndinakhazikika pa Rodinal, ndipo chifukwa choyamba ndi cha thumba. Ndimathira 6 ml m'madzi 300 ml, ndiye kuti gawo limodzi pa magawo 50, moti botolo la 500 ml limatsuka mafilimu oposa 80. Saonongekanso msanga. Amada n'kufanana ndi tiyi wopanda mkaka koma ntchito akugwirabe, ngakhale patapita zaka. Kwa munthu amene mankhwala amadikira wachibale wochokera ku Joni, zimenezi ndi zazikulu. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti akasungunulidwa chotere sanyambita timchenga. Amatisiya mmene tilili, tooneka koma tolongosoka. Pa FP4 Plus chithunzi chimatuluka ngati chozokota ndi singano. Pa HP5 Plus timchenga timaoneka ndithu, makamaka kuthambo, ndipo ena sazikonda. Ngati mumajambula kwambiri nkhope za ana ndi filimu ya 400, tengani D-76 wa theka ndi theka. Nthawi za Rodinal pa gawo limodzi pa 50 ndi mphindi 15 kwa FP4 Plus ndi 11 kwa HP5 Plus.

Pali chinanso chimene developer wosungunuka amachita, ndipo ndicho chinsinsi cha kugwedeza pang'ono. Pa negetivi, malo amene panagwa kuwala kwambiri amadya mankhwala ambiri, developer wa pamenepo n'kutopa msanga. Malo a mthunzi amadya pang'ono, developer wake n'kutsala ndi mphamvu. Pamalire a malo awiriwa, wamphamvu uja amawolokera pang'ono kumbali yotopa n'kudetsa kamzere kopyapyala m'mphepete, pomwe zotsalira za mbali yotopa zimawolokera kwinaku n'kusiya kamzere kowala. Timizere tiwiriti simungatione patokha, koma nditimene timachititsa kuti kolala yoyera ionekere kuti yathera apa, khosi layambira apa. Mukamagwedeza thanki ngati mukusukusa botolo la thobwa, mankhwala amasakanikirana nthawi zonse ndipo timizereti sitipangika.

Ena amapitirira nazo, gawo limodzi pa 100 n'kusiya thanki chiimire ola lathunthu. Ndinayesapo katatu. M'nyengo yathu yotentha madzi amafunda ola lisanathe, ndipo kawiri filimu inatuluka ndi mikwingwirima yotsika kuchokera m'timabowo ta m'mbali. Ndinazisiya.

Kutsuka kwenikweni

Thanki ikatsekedwa yatsani magetsi. Ikani majagi atatu pamzere, developer kumanzere, viniga pakati, fixer kumanja, ndipo dongosolo limeneli lisasinthe. Amene wathira fixer poyamba amatulutsa filimu yoyera mbee yopanda kanthu. Valani magolovesi, makamaka pa Rodinal wosasungunula, chifukwa amaotcha khungu ndipo m'maso ndi woopsa.

Yezani developer komaliza. Thirani mosadukiza, ndipo akangotha kulowa yambitsani wotchi. Tsekani chivindikiro. Kwa masekondi 30 oyamba tembenuzani thanki chadodolido ndi kuibweza, pang'onopang'ono, kutembenuza kulikonse kutenge masekondi awiri kapena atatu. Mukatero igogodeni kawiri pasimenti mutayala thaulo, kuti timathovu tomatirira pa filimu tichoke. Tikatsala timasiya timadontho tozungulira. Ibwezereni m'beseni. Kuyambira pamenepo, mphindi iliyonse ikakwana tembenuzani, gogodani, bwezerani. A Ilford amati kanayi pa mphindi. Ine ndi Rodinal ndimatembenuza kawiri, ndipo mphindi zitatu zomaliza kamodzi. Chiwerengerocho mukhoza kusankha chanu, bola chikhale chomwecho pa filimu iliyonse.

Ngati filimu yonse munajambula padzuwa lankhanza la masana, monga pamsika wa Lizulu pamene theka la munthu lili pansi pa ambulera theka padzuwa, chotsani mphindi ziwiri pa 15 zija. Malo owala sapsa, ndipo pamthunzi simutaya kanthu chifukwa mithunzi imakhala itakhwima kale m'mphindi zoyambirira. Tsiku la mitambo tsatirani nthawi yonse.

Kukatsala masekondi khumi yambani kukhuthula. Thirani viniga, gawo limodzi pa magawo anayi a madzi, tembenuzani kwa theka la mphindi, khuthulani. Asidi wa viniga amaimitsa developer nthawi yomweyo. Ngati mulibe, madzi okha kawiri akwanira.

Fixer amachotsa siliva amene sanalandire kuwala, kuti filimu isadenso ikaona dzuwa. Wa Ilford Rapid Fixer ndi 60 ml pa madzi 240 ml. Ndimapereka mphindi zisanu, kutembenuza mphindi iliyonse. Ameneyu musataye, bwezerani m'botolo, amagwira mafilimu ambiri. Kuti mudziwe ngati akadali ndi mphamvu, tengani lilime la filimu limene munadula lija, liviikeni mu fixer powala, muwerenge nthawi imene litenge kuti liyere ngati galasi. Filimu yanu ikhale mu fixer kuwirikiza kawiri nthawi imeneyo. Tsiku limene lilime litenge kawiri nthawi imene linkatenga fixer ali watsopano, wakalamba. Mafilimu a Kodak T-Max ndi Ilford Delta amafuna nthawi yotalikirapo ndipo amatopetsa fixer msanga. Za mchere wa kukhitchini zimene mungamve kuti umalowa m'malo mwa fixer, musatayepo filimu yanu.

Potsukuluza sipafunika kutsekula mpopi kwa theka la ola, zimene kuno zikanakhala zopweteka pabilu. Njira ya Ilford ndi iyi: dzazani thanki, tembenuzani kasanu, khuthulani. Dzazaninso, kakhumi, khuthulani. Dzazaninso, ka 20, khuthulani. Madzi onse sakwana ndi lita imodzi pa filimu imodzi. Ine ndimaonjeza ulendo wachinayi kuti mtima ukhale m'malo.

Kusamba komaliza kukhale kwa madzi oyera kwambiri. Ndimagula madzi othira m'batire ya galimoto, amene amalembedwa kuti distilled, pamalo omwetsera mafuta. Werengani bwino chizindikiro, musatenge asidi. M'mbale yapadera thirani madziwo 300 ml ndi Photo-Flo kapena Ilfotol 1.5 ml, chotsani filimu pa reel, muiviike theka la mphindi. Mankhwala amenewa amachititsa kuti madzi atsetsereke osasiya madontho. Ndimachitira m'mbale chifukwa akaumira pa reel imayamba kumata, n'kudzakuvutitsani mumdima ulendo wina. Sopo wotsukira mbale ndinayesapo, anasiya mafuta.

Fumbi

Amene amakhala kufupi ndi msewu wadothi mu Ogasiti akudziwa kuti ngakhale mutseke mawindo, madzulo patebulo mukhoza kulembapo dzina. Filimu yonyowa ndi yomata ngati ulimbo, ndipo fumbi likaumira pamenepo silichoka. Ndisanayanike ndimatseka windo la bafa, kukolopa pansi, ndi kuthira ketulo ya madzi owira m'ndowa kuti nthunzi igwetse fumbi la m'mwamba. Pakapita mphindi khumi ndimapachika filimu pachingwe ndi pegi, pansi n'kupanira mapegi awiri kuti iwongoke. Osaipukuta ndi zala kapena nsalu, khungu lake likadali lofewa ndipo kamchenga kamodzi kamakanda zithunzi zonse 36. Osaika padzuwa, osayatsa fani. Tsekani chitseko muuze a m'nyumba kuti bafa latsekedwa kwa maola atatu. Nkhondo yaikulu kwathu imakhala pamenepa, ndi chifukwa chake ndimatsuka Loweruka m'mamawa onse atasamba kale kapena asanadzuke.

Ikauma, dulani zithunzi zisanu ndi chimodzi pa chidutswa, gwirani m'mbali mokha, sungani m'mapepala ake kapena mu envelopu yoyera pamalo ouma.

Negetivi imanena yokha pamene mwalakwa

Yang'anani zilembo ndi manambala a m'mphepete mwa filimu. Amenewo anaunikidwa kufakitale, choncho ndi mboni ya katsukidwe kanu. Akakhala akuda bwino koma zithunzi zili zofooka, vuto linali pojambula, kuwala kunachepa. Akakhala otuwa pamodzi ndi zithunzi, developer anachepa nthawi, anazizira kwambiri, kapena wafa. Zilembo zilipo koma zithunzi palibe, ndiye kuti filimu sinayende m'kamera. Filimu yooneka ngati yothira mkaka sinakwane fixer, ibwezereni mu fixer watsopano, imapulumuka. Timizere takuda toyambira pa timabowo ta m'mbali ndi umboni woti munagwedeza mwamphamvu. Negetivi yabwino mukaiika pa nyuzipepala, zilembo ziyenera kuonekera pang'ono ngakhale pamalo akuda kwambiri.

Ndili ndi kope la pulayimale m'mene ndimalemba tsiku, filimu, developer, madigiri, mphindi, kangati ndinatembenuza, ndi mmene inatulukira. Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi pa filimu imodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi n'kutuluka bwino, simudzadziwa chimene chathandiza.

Rodinal akatha wachibale asanabwere, pali developer wa kukhitchini wotchedwa Caffenol, amene anayambira ku Rochester Institute of Technology ku America mu 1995. Pa lita imodzi ya madzi pamalowa magalamu 54 a washing soda, 16 a vitamini C waufa, ndi 40 a khofi wosungunuka wotchipa, mwadongosolo limenelo, kwa mphindi 15 pa filimu ya ISO 100. Washing soda mukhoza kupanga kuchokera ku soda yemweyu wophikira thelele, pomuika mu uvuni pa madigiri 200 kwa ola limodzi. Amapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo akatero salinso wodya, musamubwezere kukhitchini. Fungo la Caffenol ndi loipa ndipo negetivi imatuluka yofiirira, koma chithunzi chimabwera. Pa ukwati wa munthu sindingamuyerekeze.

Fixer wakale ali ndi siliva, musamuthire m'dimba, pafupi ndi chitsime, kapena m'ngalande yopita kumtsinje. Ndimamusunga m'chigubu n'kuponyamo sitiliwulu wotsukira mapoto. Pakapita masiku angapo siliva amadikha pansi ngati matope akuda. Mabotolo onse a mankhwala alembedwe ndi kuikidwa pamwamba. Musasungire m'botolo la zakumwa, chifukwa Rodinal wakale mtundu wake mwana akhoza kuuyesa wa chakumwa.

Kuchoka pa negetivi kufika pafoni

Ambirife zithunzi timathera kuzionera pafoni, ndipo negetivi yabwino ikhoza kuonongekera pano. Pamafunika kuwala koyera kofanana kumbuyo kwa filimu. Sikirini ya laputopu kapena ya foni ina, itayera yonse, imakwanira, koma filimu isagone pasikirinipo chifukwa timadontho ta sikirini tidzaoneka. Ndinaboola zenera la 24mm ndi 36mm pa makatoni awiri olimba, filimu imalowa pakati kuti iwongoke, ndipo ndimaikweza masentimita asanu pamwamba pa sikirini ndi mabokosi a machesi. Kamera ya digito yokhala ndi lenzi yojambula pafupi ndiyo yabwino. Ngati ndi foni, isakhale m'manja. Iikeni pamulu wa mabuku moyang'ana pansi mowongoka, zimitsani magetsi a m'chipinda, gwiritsani ntchito taima kuti chala chisaigwedeze. Fokasi ikhale pa timchenga. Mukakulitsa n'kuona timchenga tili bwinobwino kuyambira pakati mpaka m'makona, mwatenga zonse zimene negetivi ili nazo. Ngati timchenga tikuoneka koma nkhope ili mbuu, vuto linachitika tsiku lojambula.

Kutembenuza zakuda kukhala zoyera mumachita mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed kapena Lightroom, pa gawo lotchedwa curves, pokokera nsonga ya pansi m'mwamba ndi ya m'mwamba pansi. Sharpening, gawo lonola malire a zinthu m'chithunzi, ikhale yochepa, chifukwa pa negetivi ya Rodinal imakulitsa timchenga kuposa chithunzi. Potumiza pa WhatsApp sankhani document osati gallery, apo ayi imachifinya chithunzicho, masipoko a njinga aja n'kugwirananso.